Wokulunga Sopo wa ku Nablus

Ndimakhala pansi, miyendo nditapinda,
mapepala pa bondo lamanzere,
mulu wa sopo kudzanja lamanja.
Zaka makumi atatu ndi zinayi ndili m'chipinda chino
cha miyala yozizira,
moti bondo limeneli linaiwala kuwongoka.

Ophika ali kunsi ndi mafuta awo a azitona.
Odula amayenda chowerama, mpeni uli pachingwe m'chiuno.
Odinda amagogoda ndi tinyundo, go! go! go!
Ine ndimabwera pomaliza,
sopo atauma kale m'nsanja zake zozungulira
zomwe mphepo imalowa ndi kutuluka ngati kwawo.

Tola, ika pakati, pinda uku, pinda uko,
tembenuza, tsindira ndi chala chachikulu, ponya.
Guluu sitimudziwa kuno.
Pepala limagwira lokha
ukapanda kulichititsa manyazi.

Sabata yatha anandipatsa Munther,
mnyamata wa ndevu zitatu ndi mafunso chikwi.
"Amalume Fawzi, mumakulunga angati pa ola?"
Ndinati kafunse manjawa, ine sandiuza.
Iye amang'amba pepala limodzi mwa asanu alionse
n'kulibisa pansi pa ntchafu,
akuganiza kuti sindimva kulira kwa pepala.

Sopo wothyoka ngodya salowa m'katoni.
Amapita m'thumba, pasikelo,
kwa amayi a pamsika odziwa kuti thovu
silifunsa za ngodya.
Koma lero ndabweza mmodzi m'thumbamo,
wobenthuka pamene chidindo chinagwera pambali.
Ndamulipira. Abwana Adli aseka,
ati ndani amagula chilema ali pakati pa zabwino?

Ndi wa Widad, mlongo wanga,
amene anakwatiwa ku Santiago ndili ndi tsitsi lonse.
Usiku wapitawu pafoni anati,
kuno sopo amanunkhira maluwa omwe sindiwadziwa mayina,
ndikufuna uja wosanunkhira kanthu,
uja wa khosi la amayi Lachinayi madzulo,
ndipo usanditumizire wokongola,
kwathu sitinasambepo wokongola.
Anali kunena zoona.
Bambo ankabwera ndi zibenthu zokhazokha m'matumba a jekete.

Mwana wa neba akwera ndege mawa,
wati m'sutikesi muli malo a chibakera chimodzi.

Tsono ndasankha pepala loyera bwino,
la zilembo zabuluu zosafufutika,
ndapukuta zala pa thalauza,
ndati uyu yekha ndimukulunga pang'onopang'ono,
ndikuyang'ana.

Ndayang'ana.
Manja aima.
Kodi ndimayamba ndi kumanzere? Kodi chala chimapita pati?
Zaka zonsezi sindinawaonepo akugwira ntchito,
lero ndawasuzumira, achita manyazi
ngati mwana amene wauzidwa kuti ayimbe pamaso pa alendo.
Ndapinda. Ngodya yothyoka ija yabaya.
Kwee!

Chipinda chonse zii.
Odinda aimika tinyundo m'mwamba.
Munther watsokomola chitsokomolo chabodza,
kenako wasendera pafupi,
watulutsa pepala m'mulu wake,
wati, "Amalume, mumayamba chonchi.
Ndakhala ndikukuonerani masiku asanu ndi awiri,
inu simunadzionepo."

Wapinda mochedwa, lilime lili panja,
mbali imodzi yatalika kuposa inzake,
pamwamba patsala khwinya ngati pamphumi panga.
Pepala lagwira.

Sindinakonze.
Ndatenga pensulo kuseri kwa khutu la wodula,
ndalemba pakona dzina la Widad,
pansi pake ndalemba kuti sopoyu ngwa kwathu,
wokulunga ndi wachilendo, umukhululukire.
Pepala langa long'ambika lija
ndalibisa pansi pa ntchafu.

Go! go! go! ayambanso.
Ndatembenuzira maso kuzenera,
kumene nkhunda zimakanganirana mthunzi,
ndipo manja, poona kuti palibe akuwayang'ana,
atola, apinda, atembenuza, aponya.